Kilt ya County Clare pa ukwati: nsalu ya makolo kapena ya kufakitale?

Amake Tadala ku Limerick: Mwaswera bwanji nonse abale anga. Ndili ndi funso, makamaka kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku Ireland ndi ku Scotland. Mwana wanga akukwatiwa mu Ogasiti ndi mnyamata wa ku Clare, imodzi mwa makaunti (maboma) a dziko lino. Amalume ake awiri akubwera kuchokera kumudzi kudzaima ngati ankhoswe, ndiye bambo ake aganiza kuti iwo ndi alamu awowo adzavale kilt, chovala cha amuna chonga siketi, polemekeza akuchimuna. Ndapeza sitolo pa intaneti imene ikugulitsa nsalu yachekecheke yotchedwa County Clare tartan. Alemba kuti makolo a anthu a ku Clare akhala akuivala kwa zaka mazanamazana, ndipo oyenera kuivala ndi obadwira kumeneko kapena olowa m'banja lawo. Akuti amaperekanso satifiketi. Mtengo wake si wamasewera, ndipo dipoziti ndapereka kale. Kodi zimenezi ndi zoona? Sindikufuna tikachite manyazi pamaso pa asewere.

Nachisale ku Ennis: Zabwino zonse mayi, mwalera. Ine ndimakhala mu Clare momwemo, ndipo ntchito yanga yosamalira okalamba imandilowetsa m'nyumba zambiri. Sindinaonepo gogo ali ndi nsalu imeneyo, kaya m'kabati kaya pa chithunzi chapakhoma. Pa zithunzi za maukwati awo akale amuna ali mu suti yakuda, ena ndi chipewa cha tweed, nsalu yaubweya yokhuthala. Mukadayamba mwafunsa asewere anuwo.

Amake Tadala ku Limerick: Timafuna kuti adzangoona pa tsikulo, asangalale.

Gama ku Glasgow: Mayi, imani kaye, musatumizenso ndalama ina. Ine ndinagwirapo ntchito m'sitolo yobwereketsa ma kilt kuno, ndipo nsalu zimenezi ndazigwira ndi manja angawa. Ma tartan a makaunti a ku Ireland anatuluka mu 1996. Anawajambula ndi mayi wina, Polly Wittering, wa kampani ya House of Edgar, imene ili ku Scotland, osati ku Ireland. Anapanga imodzi imodzi ya makaunti onse 32, kuphatikizapo 6 a ku Northern Ireland. Mitundu anaisankha poganizira maonekedwe a dziko, msipu, nyanja, miyala. Ndi nsalu zokongola, za ubweya wabwino, ndipo pa kuwomba sindingazinyoze. Koma zaka mazanamazana ayi. Ambiri a ife pagulu pano tinabadwa nsaluyo isanabadwe.

Chinanso, pambuyo pake fakitale ina ya ku Yorkshire, Marton Mills, inatulutsa mndandanda wake wa makaunti omwewo, yotengera mitundu ya pa zizindikiro za makauntiwo. Ndiye lero mukalowa m'masitolo awiri n'kunena kuti mukufuna ya Clare, akhoza kukupatsani nsalu ziwiri zosafanana n'komwe, ndipo wogulitsa aliyense adzakuuzani kuti yakeyo ndiye yeniyeni.

Amake Tadala ku Limerick: Mayo ine. Nanga satifiketi ija?

Gama ku Glasgow: Imeneyo amasindikiza okha m'sitolomo. Ena amaonetsa kuti nsaluyo inalembedwa mu Scottish Register of Tartans, ndipo nthawi zambiri zimakhala zoona. Kaundula ameneyu anakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo ya Scotland mu 2008, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009. Koma aliyense akhoza kujambula tartan yake, kulipira, n'kuilembetsa, bola isafanane ndi ina imene ilimo kale. Makampani, masukulu, matimu a mpira, onse alimo. Kulembedwa m'kaundula kumangosonyeza kuti nsaluyo ilipo ndipo ulusi wake umayalidwa motere. Sikunena kuti ndi yakale. Ubwino wake ndi woti kaundulayo amaonetsa chaka ndi amene anajambula, ndipo kufufuza pa intaneti n'kwaulere. Lembani Clare muone nokha.

Yamie ku Dublin: Koma akuluakulu, vuto lili pati? Mwambo uliwonse unayamba tsiku lina ndi munthu wina. Ngati anthu akuikonda, akuvala pa maukwati, ndiye kuti yasanduka mwambo basi. Ngakhale ma tartan a mafuko a ku Scotland ndinamva kuti ndi opeka. Bwanji tikuweruza a ku Ireland okha?

Aphunzitsi Mbewe ku Belfast: Mwana wanga Yamie, pa za ku Scotland wanena zoona, ngakhale si zonse. Nsalu yachekecheke inali chovala cha anthu a kumapiri a Scotland kuyambira kale, zimenezo palibe amakana. Boma la Britain linachita kuletsa amuna a kumapiriko chovala chimenecho mu 1746, atagonja pa nkhondo ya ku Culloden, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1782. Chimene chinabwera mochedwa ndi ganizo loti fuko lililonse lili ndi nsalu yakeyake. Mu 1815 bungwe la Highland Society of London linapempha mafumu a mafuko kuti atumize nsalu zawo, ndipo ena mwa mafumuwo sankadziwa kuti yawo ndi iti, mpaka anafunsa kwa owomba nsalu. Kampani ya William Wilson and Sons ya ku Bannockburn inali ndi nsalu zambiri zodziwika ndi manambala kapena mayina a malo, ndipo zina zinangopatsidwa mayina a mafuko. Mu 1822 mfumu George IV itapita ku Edinburgh, pa ulendo umene anakonza mlembi wa mabuku Walter Scott, aliyense ankafuna kuoneka mu tartan ya kwawo, ndipo malonda anakwera. Kenako mu 1842 anthu awiri apachibale amene ankadzitcha Sobieski Stuart anatulutsa buku lotchedwa Vestiarium Scoticum, ati analikopera ku zolemba zakale. Linali lachinyengo, komabe nsalu zambiri za m'bukumo zikuvalidwa mpaka lero.

Tsono apa m'pamene ndikusiyana nawe. Ku Scotland papita zaka 200 eni ake akuvala nsaluzo, kukwatira nazo, kupita nazo kunkhondo, kuikidwa nazo m'manda, ndipo mfumu ya fuko ndiyo imanena kuti yathu ndi iyi. Chinthu chinayamba mokhota koma eni ake anachilandira. Za makaunti a ku Ireland sizinachokere kwa anthu a m'makauntimo, ndipo wamva zimene wanena Nachisale, kuti ku Clare kwenikweniko anthu saidziwa.

Yamie ku Dublin: Ndiye tidikire zaka 200 kuti ikhale yoona?

Aphunzitsi Mbewe ku Belfast: Ayi. Mayiwa akhoza kuigula lero lomwe ngati aikonda. Ine chimene chikundiwawa ndi bodza limene lamatidwa pa mtengo. Munthu akulipira ndalama zambiri chifukwa wauzidwa kuti akugula mbiri ya asewere ake. Akadauzidwa kuti iyi ndi nsalu yokongola ya mu 1996, yojambulidwa ku Scotland pokumbukira Clare, bwenzi akusankha ndi maso otsegula.

Mayi Telala ku Cork: Ine ndilowererepo ngati wosoka. Kwathu mpingo ukapanga nsalu ya chikondwerero, aliyense amadziwa kuti yasindikizidwa chaka chomwecho, chaka chake chimalembedwa pansalu pomwepo, ndipo timaivala monyadira. Palibe amafunsa ngati agogo athu ankaivala. Imakhala yathu chifukwa tinakhala pansi, komiti inasankha mtundu, abusa anavomera. Koma tayerekezani wamalonda wa dziko lina asindikize nsalu, ailembe kuti Dedza, ina Ntcheu, ina Mchinji, n'kumagulitsa kwa ana athu obadwira kunja kuti iyi ndiyo ankavala makolo anu Azungu asanabwere. Mwana akafika nayo kumudzi, agogo ake adzangomuyang'ana. Kukhala yatsopano si mlandu, Yamie. Funso ndi loti anasankha ndani, ndipo wogulayo wauzidwa chiyani.

Yamie ku Dublin: Pamenepo ndamva, mayi. Komabe ndimaona ma kilt ambiri pa 17 Malichi mu Dublin muno.

Jere ku Boston: Ambiri mwa amenewo ndi ochokera kuno, achimwene. Chaka chilichonse magulu oimba zitoliro a apolisi ndi ozimitsa moto a ku America amakwera ndege kupita ku perete wa St Patrick kwanuko. Msika waukulu wa nsalu zimenezi uli kuno, ku Canada ndi ku Australia. Muyenera kuwamvetsa anthuwa. Makolo awo anathawa njala ya mbatata ya 1845 mpaka 1852, pamene anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndipo ena ochuluka chimodzimodzi anasamuka. Zimene mdzukulu wa lero watsala nazo ndi dzina la bambo ndi mawu amodzi amene agogo ankatchula, dzina la kaunti ngati Mayo, Cork kapena Kerry. Mudzi saudziwa, chilankhulo sachidziwa. Ndiye akaona mnzake wa magazi a ku Scotland wavala nsalu ya fuko lake pa ukwati, nayenso amafuna yake. Wogulitsa amadziwa njala imeneyo. Ndimagwira ntchito ndi bambo wina amene anagula ya Mayo, ndipo amandiuza misozi ili m'maso kuti agogo ake ankavala yomweyo pokwera sitima. Sindinathe kumutsutsa pamaso, koma zinandipweteka kuti chikondi chake chenicheni anachimangirira pa nkhani ya m'kabuku ka malonda.

Nachisale ku Ennis: Zachisoni ndithu. Ifenso ana athu adzakhala choncho tikapanda kuwauza za kwathu tili moyo.

Amake Tadala ku Limerick: Aphunzitsi, ndiye kuti anthu a kuno sankavala kilt n'komwe? Chifukwa pa sitolo paja aika chithunzi cha mwala wosema wakale, munthu atavala chinthu chofika m'mawondo, ati umboni ndi umenewo.

Aphunzitsi Mbewe ku Belfast: Chimene chili pa miyala ndi zojambula zakalezo ndi léine, mayi. Anali malaya aatali a bafuta, a manja akuluakulu, nthawi zambiri onyikidwa mu utoto wachikasu, ndipo ankawamanga lamba m'chiuno n'kuwakwezera m'mwamba kuti afike m'mawondo. Akamangidwa choncho amachita makwinya, ndiye pa mwala amaoneka ngati kilt. Pamwamba ankafunda chofunda chaubweya chotchedwa brat. Chovala chimenechi chinali chodziwika kwambiri moti mu 1537, nthawi ya mfumu Henry VIII ya ku England, panakhazikitsidwa lamulo loletsa malaya achikasuwo pofuna kuti anthu azivala ngati Angerezi. Kilt ndi chinthu china, nsalu yaubweya yopindapinda yomanga m'chiuno, ndipo kwawo ndi kumapiri a Scotland.

Kilt inalowa mu Ireland kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nthawi imene anthu ankadzutsa chilankhulo ndi chikhalidwe chawo. Bungwe la Gaelic League linayamba mu 1893, ndipo ena mwa anthu ake ankafuna chovala chosonyeza kuti iwo si Angerezi. Patrick Pearse, yemwe uja anatsogolera kuukira ulamuliro wa Britain pa Pasaka mu 1916, anafunsidwa maganizo mu 1900. Iye anali ataona thalauza lakale lenileni la ku Ireland m'nyumba yosungira zakale, silinamusangalatse, ndipo analangiza kuti bola kilt. Pa sukulu yake ya St Enda's, imene anatsegula mu 1908, anyamata ankavala kilt. Koma onetsetsani apa: ma kilt amenewo anali a mtundu umodzi, achikasu chodera kapena obiriwira, opanda chekecheke, kuti asiyane ndi a ku Scotland. Mpaka lero oimba zitoliro a asilikali a Ireland amavala yachikasu yopanda mizere, chimodzimodzinso a Irish Guards ku Britain. Ngati pali kilt imene ili ndi mbiri m'dziko lino, ndi imeneyo, ndipo mbiri yake ndi ya zaka zopitirira pang'ono 100.

Ndiwonjezere kamodzi. Makaunti enieniwo sanali magawo a mafuko akale a kuno. Anawadula ndi olamulira ochokera ku England, pang'onopang'ono, pofuna kuyendetsa makhoti ndi misonkho. Dera la Clare linali ufumu wa Thomond wa banja la O'Brien, linasanduka kaunti m'zaka za m'ma 1500, ndipo Wicklow, yomaliza, inadulidwa mu 1606. Ndiye wina akamati mafuko akale ankadziwana ndi nsalu ya kaunti, nkhaniyo yagwa isanaime.

Che Jafali ku Derry: Aphunzitsi, musaiwale za kwathu kuno. Pali Ulster tartan, ya chigawo chathu cha kumpoto kuno, ndipo imeneyo akuti inafukulidwa pansi. Kapena nayonso ndi bodza?

Aphunzitsi Mbewe ku Belfast: Imeneyo ndi yoona, Che Jafali, ndipo mwachita bwino kuitchula. Mu 1956 mlimi wina pafupi ndi Dungiven anafukula zovala zakale m'dothi: chofunda, jekete, nsapato, ndi thalauza lothina la nsalu yachekecheke. Akatswiri anati ndi za kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 kapena chigawo choyamba cha m'ma 1600, ndipo zikusungidwa ku Ulster Museum kuno ku Belfast. Dothi linazidetsa n'kukhala zofiirira, n'chifukwa chake lero amagulitsa mitundu iwiri, ina yotengera mmene inatulukira pansi, ina yoyerekeza mmene inalili ili yatsopano. Koma linali thalauza, osati kilt. Chinali chovala cha munthu mmodzi, m'dera limene anthu ankawoloka nyanja kupita ndi kuchokera ku Scotland nthawi zonse. Chimatiuza kuti nsalu yachekecheke inkavalidwa kumpoto kuno. Sichitiuza kuti inali yunifolomu ya Ulster, ndipo dzina limenelo anaipatsa ndi anthu a masiku ano.

Che Jafali ku Derry: Ndapita ku museum imeneyo ndi ana koma sindinadziwe. Ndikapitanso ndikafunsa.

Gama ku Glasgow: Pali msampha wina umene makasitomala ankagwamo kawirikawiri. Pa chitsanzo cha nsalu pamalembedwa Ancient, pena Modern, pena Weathered kapena Muted. Anthu ankaganiza kuti Ancient ndiye yakale. Ayi, ndi dzina la kawalidwe ka utoto chabe, mitundu yofewa yoyerekeza utoto wa zitsamba. Tartan yojambulidwa chaka chatha ikhoza kugulitsidwa ngati Ancient. Wogulitsa wachilungamo amafotokoza. Wina amangokhala chete chifukwa akuona kuti kusamvetsa kwanuko kukumugulitsira.

Ndipo zoti oyenera kuvala ndi obadwira kumeneko, palibe lamulo lotero, kaya ku Ireland kaya kuno. Amalume ochokera kumudziwo akhoza kuvala tartan ya kaunti iliyonse popanda wowafunsa. Mawu amenewo amaikidwa kuti mumve ngati mwalandiridwa m'gulu lapadera.

Nabanda ku Waterford: Pepani ndalowa mochedwa. Amuna anga ndi a Murphy, ndipo apongozi anga aakazi anagula tayi ya Murphy tartan, ati inachokera m'buku la ku Paris la mu 1880. Imeneyo bwanji?

Gama ku Glasgow: Nkhani imeneyo inazungulira kwambiri, mlongo. Bukulo lilipodi, ndi la zitsanzo za nsalu, lotchedwa Clans Originaux, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankalemba kuti ma tartan a mabanja a ku Ireland, monga ya Murphy imene imatchedwanso Tara, anachokera mmenemo. Aliyense ankangokopera kwa mnzake. Ofufuza ataliona bukulo, limene likusungidwa ku America, anapeza kuti muli mayina a ku Scotland okhaokha. Ndipo ya Murphy mukaiyika pafupi ndi tartan ya ku Scotland yotchedwa MacLean of Duart muona kuti kayalidwe ka mizere n'kofanana, anangosintha mitundu. Masitolo ena sanachotsebe nkhani ya 1880 pa masamba awo.

Nabanda ku Waterford: Tayiyo ndiwasiyira, amaikonda. Koma ana ndiwauza zoona.

Nachisale ku Ennis: Amake Tadala, ngati cholinga ndi kulemekeza a ku Clare, ine ndikuuzani chimene chimawagwira mtima. Ndi mitundu ya timu yawo ya hurling (masewera a kuno omenya kampira ndi ndodo), chikasu ndi buluu. Mu 2024 atagonjetsa Cork pa fainolo ku bwalo la Croke Park mu Dublin, Ennis yense anali chikasu ndi buluu, mbendera pa nyumba, pa mathirakitala, pa mageti a ng'ombe. Agogo amene ndimawasamalira, ena osatha kuyenda, ankalira ndi chimwemwe poonera TV. Ndipo Michael Cusack, mmodzi mwa amene anayambitsa GAA, bungwe loyendetsa masewerawa, mu 1884, anali wa ku Clare konkuno, bwalo la mu Ennis lili ndi dzina lake. Kuno munthu amadziwika kaunti yake ndi jezi: Kilkenny chakuda ndi chikasu, Cork chofiira ndi choyera, Mayo chobiriwira ndi chofiira. Amalume akadzavala suti ndi tayi yachikasu ndi kansalu kabuluu m'thumba, asewere anu adzazindikira asanakhale n'komwe pansi.

Mayi Telala ku Cork: Ndipo pamenepo mukhoza kuphatikiza zathu. Pezani chitenje cha mitundu imeneyo, ndikusokereni mawesikoti a amuna ndi maduku a amayi. Amalume abwere nacho kuchokera kumudzi, ndi chotchipa kumeneko. Mukafuna mphatso yaubweya ya dziko lino yeniyeni, ilipo: tweed ya ku Donegal, kapena bulangete la ku Foxford ku Mayo, fakitale imene anayambitsa masisitere mu 1892 kuti anthu osauka a kumeneko apeze ntchito. Zimenezo mbiri yake sichita kufuna satifiketi.

Yamie ku Dublin: Ine ndikadali pa mfundo yanga pang'ono. Ngati bambo a Tadala mtima wawo uli pa kilt, avale. Asaope kuti anthu a pagulu pano anena chiyani. Pa maukwati ena kuno anyamata amabwereka ma kilt ndipo zimakongola.

Aphunzitsi Mbewe ku Belfast: Pamenepo sitikutsutsana. Angodziwa choyankha mkulu wina wa ku Clare akadzawafunsa pa tebulo kuti nsalu iyi ndi ya kuti.

Amake Tadala ku Limerick: Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Ndaimbira asewere aakazi madzulo ano. Akuti m'banja mwawo palibe anavalapo kilt, ndipo za tartan ya Clare akuzimva koyamba kwa ine. Za chitenje chachikasu ndi buluu akondwa nazo, akufunanso chawo. Mayi Telala ndikupezani kumbali. Tsono dipoziti yanga ija, a Gama, ibwera?

Gama ku Glasgow: Zitengera zinthu ziwiri, mayi. Mukagula pa intaneti kwa wogulitsa wa mu EU kapena ku UK mumakhala ndi masiku 14 osintha maganizo, koma lamulo limenelo siligwira pa katundu wosokedwa pa muyeso wanu. Ndiye ngati munatumiza kale miyeso ya m'chiuno ndipo nsalu yadulidwa, adzakana. Ngati simunatumize, lembani imelo usiku uno kuti mwaletsa oda, musadalire foni. Chachiwiri, jambulani tsamba lawo lija pamene alemba za zaka mazanamazana, lisanasinthidwe, ndipo mujambulenso zimene kaundula wa ku Scotland akuonetsa pa nsalu yomweyo. Kufotokoza katundu monama n'koletsedwa, ndipo zimenezo zimakupatsani poimira ngakhale atadula kale. Onaninso pansi pa tsambalo kuti kampaniyo ili dziko liti, chifukwa masitolo ena okhala ndi mayina a Chiairishi amatumiza katundu kuchokera kutali, wa ulusi wa pulasitiki osati ubweya. Kilt yeniyeni ya munthu wamkulu imadya nsalu pafupifupi mayadi 8 ndipo imalemera m'manja.

Nachisale ku Ennis: Akavuta, funsani a CCPC, bungwe loona za ufulu wa ogula kuno, kapena pitani ku Citizens Information mu Limerick momwemo, amathandiza kwaulere. Ngati munalipira ndi khadi, a banki yanu akhozanso kukuthandizani kubweza ndalamayo.

Amake Tadala ku Limerick: Miyeso sindinatumize, amalume anali asanapite kwa telala kukayezetsa. Ndikulemba imeloyo pompano.